Mbewu ya Amayi pa Khoma la Kampani

Anthu akamakumbukira chaka cha ufulu amanena za mbendera, za nyimbo ndi za ng'ombe zimene zinaphedwa m'mabwalo. Ine ndimakumbukira laimu. Mpaka lero ndikamva fungo la laimu wonyowa mtima umandinyamuka, ndipo adzukulu anga amadziwa kuti imeneyo si nthawi yondipempha kanthu.

Tinkakhala m'komboni ya mgodi ku Kitwe, ine, amuna anga a Kamwendo, ndi mwana wathu woyamba Fanuel, amene anali adakali kumsana. Tonse awiri kwathu ndi ku Ntcheu. A Kamwendo anali kalaliki mu ofesi ya mgodi, munthu wa tayi ndi nsapato zowala, woti akamayenda mumsewu wa fumbi ankaponda mosankha. Ine ntchito yanga inali nyumba, mwana, ndi kamunda ka kuseri kwa khitchini, kumene ndinkalima matimati a amayi anga.

Matimatiwo sanali okongola, ndisaname. Anali aakulu, ophwatalala, a makwinya mbali zonse, ndipo ngakhale apse bwanji mapewa ake ankakhalabe obiriwira, kumunsi kutada ngati chiwindi. Kwathu tinkangowatchula kuti namakwinya. Koma thimati limodzi linkakwana poto yonse ya ndiwo, msuzi wake wochita kukakamira pazala. Amayi anaulandira mtundu umenewu kwa amayi awo, ndipo ine anandimangira njere zake pakansalu tsiku limene ndinkanyamuka kubwera kuno ku Migodi.

Mbewu yake tinkaisunga pakhoma. Thimati loyamba kupsa silinkadyedwa. Unkalisiya lifewe mpaka litatsala pang'ono kuwola, ndiye n'kulifinya m'manja n'kupaka pakhoma la m'khitchini, pamwamba pamene mbewa sifika koma utsi umafika. Njere zinkauma pomwepo zitamatirira, ndipo nthawi yofesa ikafika unkangozipala ndi mpeni n'kukafesa.

M'mwezi wa Juni chaka chimenecho amayi anamwalira. Ndinafika kumudzi ataikidwa kale, nyumba yawo itagwetsedwa monga timachitira kwathu mwini nyumba akatisiya. Khoma la mbewu linali pansi, nkhuku zitatolatola. M'dimba mbuzi zinali zitalowamo anthu ali otanganidwa ndi maliro. Ndinafunsa azichemwali anga, ndinafunsa azakhali, aliyense ankati ankadalira khoma la amayi. Choncho namakwinya yense wotsala pa dziko lino anali pakhoma langa ku Kitwe, banga lofiirira lalikulu ngati chikhatho.

Okutobala

Kunatentha mwezi umenewo moti masana malata ankalira okha. Kutatsala masiku owerengeka kuti mbendera yatsopano ikwere, kampani inatumiza anthu kudzapaka laimu nyumba zonse za m'komboni, kunja ndi m'kati. Zaka zonsezo makoma anali bii ndi utsi wa mbaula, palibe anasamala. Zimbudzi zinkasefukira, palibe anabwera. Koma poti kukubwera alendo odzaonera chikondwerero, anatikumbukira.

Tsiku limene anafika pamzere wathu ine ndinali kusikelo ndi Fanuel. Pobwera ndinapeza nyumba ili mbee. Ndinalunjika kukhitchini mwana ali kumsana. Khoma lonse linali loyera, lonyowa, laimu akuyendererabe pansi.

A Kamwendo anali pampando, atabwera kudzadya chamasana.

"Abambo, khoma langa lija achita nalo chiyani?"

"Khoma lanu? Nangozo, nyumba ino ndi ya kampani."

"Munawaona akupaka?"

"Ndinawaona. Dziko lonse likuyera, ndiye ife tokha tikhale ndi khoma la madontho ngati mukugona mileme? Mbewu ikugulitsidwa m'tauni, m'timapepala tokongola, yochokera kunja."

Chimene chinandipweteka kwambiri ndinachimva madzulo kwa Bana Mulenga, mnzanga wa nyumba yoyandikana nayo, Mbemba wa ku Luapula wosadziwa kubisa mawu. Anati wopaka laimu uja, mwana wa kumudzi ngati ife tomwe, anaima bulashi ili m'manja n'kufunsa ngati banga lija silinali mbewu.

"Anafunsa, bana Fanuel, namvela na matu yanga," anatero Bana Mulenga. "Bakalaliki banu bakuti, penta chabe, ni doti."

Munthu wosandidziwa n'komwe anaizindikira mbewu ya amayi anga. Koma munthu amene ananyambita msuzi wake tsiku limene anabwera kudzandifunsira, iyeyo anati ndi litsiro. Ndinalira, koma osati misozi ya maliro. Inali misozi ya ukali, yotentha, yoti ukalankhula ungasiye banja.

Tsiku la ufulu komboni yonse inapita kubwalo, a Kamwendo patsogolo ndi tayi watsopano. Ine ndinagubuduza chitini cha palafini, kukwerapo ndi mpeni wosendera mbatata, n'kuyamba kupala khoma pang'onopang'ono pamene ndinkakumbukira kuti banga linali. Ng'oma zinkamveka kutali, nthungululu zikubwera ndi mphepo, ine ndikuwakha zipalapala za laimu m'mbale. Wapolisi wa mgodi, aja tinkawatchula kuti akanyangu, anasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati ndasowa tsiku lina lowonongera nyumba ya kampani. Ndinamuuza kuti ngati wabwera kudzandimanga adikire ndimalize. Anapukusa mutu n'kumapita.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa ndi mphepo n'kukokolola laimu yense wa kunja kwa nyumba. Makoma anabwerera mwakale, a mizeremizere, ndipo m'ngalande munkayenda madzi oyera. Ndinaima pakhomo kuyang'ana madziwo. Mbewu ya amayi inali itafera chinthu chosapirira ngakhale mvula imodzi.

Zipalapala zija ndinaziviika m'kapu n'kumazisefa ndi kansalu. Njere zambiri zinali zitada, laimu atazidya, zina mpeni utaziduladula. Ndinafesa zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, m'beseni lobowoka limene ndinadzaza dothi la pachulu ndi zitosi za nkhuku za Bana Mulenga. Wina angafunse chifukwa chake sindinadikire chilimwe, poti aliyense amadziwa kuti matimati ndi mvula sizigwirizana. Mpope unali umodzi mzere wonse, ndipo kampani inkaletsa kuthirira munda ndi madzi ake. Komanso njere zodyedwa ndi laimu sizikanadikira miyezi ina.

A Kamwendo anabwera tsiku lina ndi kapepala ka mbewu ya m'sitolo, kojambulidwa thimati lozungulira bwino, losalala, n'kukaika patebulo osanena kanthu. Kumeneko ndiye kunali kupepesa kwawo. Ndinakapereka kwa Bana Mulenga a Kamwendo akuona.

Za Bana Mulenga zinamera thithithi sabata isanathe. Beseni langa linali zii. M'mawa uliwonse ndinkagwada kuyang'ana dothi mpaka maso kuwawa, ndipo a Kamwendo popita kuntchito ankandilambalala mosamala kuti buluku lawo lisakhudze beseni. Kenaka timitu tobiriwira tinayamba kusuzumira. Mbande zonse zimene zinatuluka zinali zoti n'kuwerenga ndi zala za dzanja limodzi, chala chachikulu osachigwiritsa.

Disembala

Ndinawokera mbandezo kuseri kwa khitchini, n'kuzungulira iliyonse ndi phulusa kuti mphutsi za m'dothi zisadule tsinde. Zinagwira bwino. Kenaka mphepo inatembenuka.

Amene sanakhalepo pafupi ndi ng'anjo ya mgodi sadziwa senta. Ndi utsi wochokera m'chumuni chachitali kumene amasungunula mkuwa. Mphepo ikawomba bwino unkapita kutchire, koma ikatembenuka unkatsika m'komboni, wotuwa, woyenda chapansipansi. Unkayamba kuumva pakhosi usanauone, kukamwa n'kumamveka ngati wanyambita machesi. Ana ankatsokomola, nkhuku n'kubisala. Ukakumana ndi kamvula kowaza, m'mawa mwake masamba onse ankakhala ngati wina wawathira madzi owira. Akuluakulu a kampani nyumba zawo anazimanga mbali imene mphepo siipita kawirikawiri, ndipo zimenezo sanazichite mwangozi. Ife tikadandaula, amuna athu omwe ankatiuza kuti utsi umenewo ndiwo ukutidyetsa.

Senta woyamba anapha mbande imodzi. Kuyambira pamenepo ndinkasunga masaka m'ndowa ya madzi pakhomo, ndipo Bana Mulenga, amene nyumba yake inayang'ana kuchumuni, ankandichenjeza. Akangokuwa kuti "Senta yaisa, bana Fanuel," ndinkasiya chilichonse, kaya ndiwo pamoto, kaya mwana m'bafa, n'kukafunditsa mbande masaka onyowa pamwamba pa timitengo. Amayi a pamzere wathu ankaseka. Ankati Mnyasa uja wafunditsa ana ake.

Tsiku lina senta anabwera masaka awiri amene ndinabwereka eni ake atawatenganso m'mawa. Ndinali ndi saka limodzi, mbande zitatu. Pachingwe panali malaya oyera a a Kamwendo, awiri, ongochapidwa kumene. Sindinaganize kawiri.

Madzulo a Kamwendo anapeza malaya ali ndi madontho achikasu ndi dothi m'kolala. Anawatambasula m'mwamba.

"Nangozo, malaya a ku ofesi? Chifukwa cha timitengo timeneti?"

"Musadandaule, abambo," ndinatero. "Malaya akugulitsidwa m'tauni, m'mapepala okongola, ochokera kunja."

Khirisimasi ya chaka chimenecho tinadya mpunga ndi nkhuku tikulankhulana kudzera mwa mwana wosadziwa kulankhula.

Januwale

Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku. Kumudzi, umenewu ndi mwezi wa njala, nkhokwe zili pululu. Ku Migodi ufa unalipo, poti mkuwa unkagulidwa ndipo amuna ankalandira, koma ndiwo ndiye zinavuta. Matimati a m'minda ya ku Garneton anapsa ndi chiwawu, ndipo kumsika wa Chisokone kamulu kamene tinkagula ndi kandalama ka tiki kanakwera kawiri, matimati ake ali olimba, amadzi okhaokha. Tinkadya kapenta wotuwa ndi nkhwani wa mchere wokha. Matimati a papepala a Bana Mulenga anada masamba kuyambira pansi n'kugwa onse sabata imodzi. Namakwinya anadwala nawo, koma ndinkathothola tsamba lililonse lakuda n'kukalitaya kutali, ndipo pamwamba ankaphukabe.

Munalinso mphekesera. Ankati tsopano dziko lili ndi eni ake, ntchito za m'maofesi zipita kwa ana a dziko lino, Anyasa onse akwezedwa sitima. Ena ankati ayi, amene anabwera kale sawakhudza. Banja lina la ku Dedza linagulitsa mipando n'kupita osadikira kuthamangitsidwa. A Kamwendo anaonda. Anasiya kulankhula Chichewa panja, n'kumangoti mukwai, mukwai kwa aliyense monga amalemekezera Abemba, ndipo nsapato ankapukuta mpaka chikopa kudandaula. Ndinkawamvera chisoni, koma chisonicho chinkatha ndikayang'ana khoma.

Kenaka kunabwera anyamata a zikwakwa. Chaka chilichonse kampani inkawatuma kudzakwapa chimanga m'komboni, ati chimasunga udzudzu. Madzi odikha m'ngalande zawo zotsekeka sankasunga udzudzu, koma chimanga cha mayi wosauka. Anakwapa cha Bana Mulenga chili ndi ngayaye kale, iye akuwatukwana m'Chibemba mawu oti sindingawalembe pano. Atafika kwa ine anapeza ndakhala pansi m'matope pakati pa matimati, Fanuel ali pabere.

"Ichi si chimanga," ndinawauza.

"Batiuza chilichonse chotalika, bamayo."

"Ndiye yambani ndi ine, ndine wamtali kuposa zonsezi."

Anayang'anana n'kudutsa. Koma womaliza, kaya mwadala kaya dzanja linangozolowera, anakwapula tsinde la kumapeto podutsa. Ndinatsala ndi mitengo iwiri.

Febuluwale

Mitengo iwiriyo inachita maluwa, maluwa n'kusanduka timatimati ta makwinya, ndipo nditaona makwinyawo ndinakhala ngati ndaona nkhope ya amayi. Sindinauze munthu. Ndinangokhala pansi kanthawi.

Mwezi womwewo zinthu zinatembenuka ku ofesi. Azungu ena anali akupita, mipando ikutsala, ndipo m'malo mokwezedwa sitima a Kamwendo anakwezedwa pantchito. Anatipatsa nyumba kumayadi, kumene kale munthu wakuda ankalowa ngati ali wophika kapena wotchetcha kapinga. Anati tisamuke mwezi usanathe chifukwa nyumba ya m'komboni yapatsidwa kale kwa wina. Ndinakondwera, ndisabise. Ndani sakondwera ndi mpope wa m'nyumba? Koma matimati anali adakali aawisi gwa, ndipo mtengo wobereka kale sungauzule n'kukhala ndi moyo.

Ndinapempha a Kamwendo kuti akanene ku ofesi atidikire mpaka kukolola.

"Ndikaime pamaso pa bwana n'kunena kuti sindingalowe m'nyumba chifukwa mkazi wanga akudikira matimati? Ndipo ndikuuziretu, Nangozo, kumene tikupitako kulibe za minda ya kumudzi. Kuli kapinga ndi maluwa."

Ndinachita chimene amayi ankachita. Ndinang'amba timizere pansalu yofiira yakale n'kumanga pamphata ya matimati aakulu oyamba, kuti aliyense adziwe kuti amenewa ndi a mbewu, si a mupoto. Kwathu ngakhale mwana wamng'ono akaona kansalu kotero amabweza dzanja. Ndinathiranso phulusa kuzungulira matsinde. Wolowa m'nyumbamo anali bambo Tembo, wa ku Katete, wogwira ntchito pansi pa mgodi. Ndinawafotokozera zonse, kuti ena onse adye koma a kansalu andisiyire, ndipo anavomera mwaulemu. Anati akazi awo akali kumudzi, abwera mwezi wamawa.

Kumayadi ndinapeza paipi yaitali yothirira kapinga. Madzi amene ankatikaniza ife pa ndiwo, kuno ankawathira paudzu woti ngakhale mbuzi palibe yodya.

Malichi

Ndinkapita kukomboni Lachinayi lililonse tikaweruka kumapemphero a amayi. Matimati a kansalu anali atakula, atayamba kuyezuka kumunsi. Ndinkawasiya kuti apsere pamtengo, poti mbewu yabwino ndi imeneyo.

Lachinayi lomaliza la mweziwo ndinapeza kuseri kwa khitchini kuli dothi lokhalokha, losalazidwa bwino ndi khasu. Pakhomo panali mayi wachitsikana wochapa matewera. Anali Mayi Tembo, atafika masiku apitawo. Ndinawapatsa moni, n'kudzitchula, n'kufunsa za matimati.

Anaimirira n'kubwerera m'mbuyo, manja akudontha thovu.

"Ndimwe munamanga vija? Amai, ise timapemphela. Nafika chabe mwana ayamba kutsegula m'mimba. Nayenda kuseli napeza tunsalu tofiila, na mulota mozungulila. Vamankhwala pa nyumba yanga sinifuna. Nazula, naphwanya na kambwili, nataya kudzala."

"Amuna anu sanakuuzeni?"

"Bali ku shifiti, sibakamba va m'munda."

Ine, Nangozo, wobatizidwa ndili wakhanda, woimba kwaya kuyambira ndili mtsikana, nditavala bulauzi yoyera ya kumapemphero tsiku lomwelo, ndinaima pakhomo limene ndinasesa zaka zonsezo n'kutchedwa mfiti chifukwa cha kansalu. Mwana ankatsegula m'mimba chifukwa cha madzi a pampope uja, ana onse a pamzere ankatsegula nyengo ya mvula, wanga yemwe. Ndinafuna kunena zambiri. Koma mtsikanayo anali ndi mantha enieni, maso ali tong'o, mwana akulira m'nyumba. Ndinangomuuza kuti aziwiritsa madzi, ndipo ndinatembenuka.

Bana Mulenga anali ataima pakhomo pake, manja m'chiuno.

"Iseni kuno," anatero.

Anandilowetsa m'nyumba, n'kupisa dzanja m'thumba la ufa n'kutulutsa thimati limodzi loyera ndi ufa, kansalu kofiira kali pomwepo. Linali ndi bala laling'ono la khasu paphewa, koma linali lathunthu.

"Nayenda kudzala pamene anataya. Yonse anaphwanya yakali yabisi, iyi chabe ndiye inapulumuka. Ine ndine wa ku Luapula, mwandi, mankhwala nimayaziba. Aya si mankhwala, ni matimati yoipa nkhope chabe."

Ndinaseka ndikulira. Ndinalikulunga m'mpango n'kulinyamula m'manja mpaka kumayadi, osakwera basi kuopa kuti angandikanikize nalo.

Epulo

Mvula inayamba kutha, m'mawa kukuzizira. Thimati lija ndinaliika pawindo la m'khitchini, pamene dzuwa la m'mawa linkafika. Linafiira pang'onopang'ono, kenaka linada kumunsi, mapewa ali obiriwira monga mwa mtundu wake. Ndinkalikhudza ndi chala m'mawa uliwonse. Linali litatsala pang'ono kufewa bwino. A Kamwendo ankaliona tsiku lililonse akamamwa tiyi, ndipo nkhani yake yonse ankaidziwa.

Loweruka lina anaitana anzawo awiri a ku ofesi, okwezedwa nawo limodzi, kuti abwere ndi akazi awo kudzaona nyumba. Ananditumiza ku Chisokone kukagula nkhuku. Basi inachedwa, alendo anafulumira. Nditalowa kudzera kukhomo la kuseri, nkhuku ili m'khwapa, maso anga anapita pawindo. Panalibe thimati. Panali kansalu kofiira kokha, komasulidwa bwinobwino, kopindidwa kanayi ngati kampango ka m'thumba la jekete.

Kupindako ndiko kunandimaliza. Munthu woiwala sapinda kansalu.

M'chipinda chochezera munkamveka kuseka ndi kulira kwa masupuni. A Kamwendo anali ataona kukantini ya akuluakulu kuti alendo amawapatsa buledi ndi matimati aawisi odula mopyapyala, ndiye poti ine kunalibe anadzipangira okha. Ndinaima kuseri kwa chitseko n'kumva mayi wina akufunsa kumene tinagula matimati okoma chotere. Ndipo ndinamva mawu a amuna anga, odzaza bwino, aja ankalankhulira pamsonkhano wa mpingo.

"Amenewa ndi a kwathu ku Ntcheu, mbewu ya malemu apongozi anga. M'sitolo simungawapeze."

Litsiro lija. Timitengo tija. Lero ndi mbewu ya malemu apongozi awo.

Ndinatsekera nkhuku m'bafa, ndinasamba m'manja, ndinakonza duku. Ndinalowa n'kugwada, kupereka moni kwa aliyense mmodzimmodzi, kufunsa za ana ndi za kunyumba, poti amayi sanandilere mwachipongwe. Maso anga anali pambale ya patebulo. Munatsala kachidutswa kamodzi ndi madzi ake ofiira, ndipo m'madzimo munkayandama njere. Mmodzi wa azibambo aja anali atatambasula kale dzanja.

"Pepani bambo," ndinatero, "chimenecho chili ndi mwini wake."

Ndinanyamula mbale. Kukhitchini sindinapite, chifukwa khoma la kumeneko linali la matailosi oterera ndipo a Kamwendo akanatha kulitsuka ine nditatembenuka. Ndinapita pakhoma la m'chipinda chochezeramo, la penti wonyezimira, pamwamba pa wayilesi yatsopano. Ndinafinya kachidutswa kaja m'manja, ndinakokolola madzi onse a m'mbale ndi chala, n'kupaka pakhoma mozungulira, pang'onopang'ono, monga amayi ankachitira, mpaka njere iliyonse itamatirira.

A Kamwendo kapu inali m'malere, pakamwa pali yasa. Kenaka mmodzi wa azimayi aja, wovala chipewa ndi magolovesi pa dzuwa la Epulo, analankhula chapansipansi.

"Amayi anga ankachita chimodzimodzi ndi nthanga za nkhaka."

Amuna ake anamuyang'ana moti sanawonjezere. Tonse m'chipindamo tinali ana a m'nyumba za dothi, koma aliyense ankaopa kuti mnzake angadziwe.

Alendo atapita, a Kamwendo anabwera ndi chinsanza chonyowa.

"Mwandichititsa manyazi, Nangozo. Pamaso pa anthu."

"Kansalu kaja munakapinda bwino, abambo."

"Munalibe china m'nyumba muno choika pabuledi."

"Mukakhudza khomalo, chinsanzacho mukachisiye ku sitesheni pogula tikiti yanga ndi ya mwana. Ndikafotokoza ndekha kwa ankhoswe."

Anaima nthawi yaitali chinsanza chikudonthera pansapato zawo. Kenaka anapita nacho kukhitchini. Banga litauma, anatenga chithunzi chathu cha ukwati, cha felemu yaikulu, n'kukhoma msomali pamwamba pake kuti alendo asamaone. Sanakhome kuti ateteze mbewu, ayi, musawapatse ulemu umenewo. Anakhoma chifukwa cha manyazi omwe aja amene anapakitsira laimu pambewu. Koma kuseri kwa chithunzi mbewa sinkafika, ndipo wantchito wa kampani aliyense wobwera kudzakonza nyumba ankachilambalala mwaulemu.

Novembala wotsatira

Mitambo itayamba kusonkhana ndinachotsa chithunzi n'kupala njere. Zinali zochepa, koma zinali zoyera, zosalawa laimu, ndipo zinamera pafupifupi zonse. Ndinalima kapinga wa kuseri ndi khasu, ndinathirira ndi paipi ya kampani masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe kanyangu amene anabwera. Bana Mulenga ndinamupititsira mbande zoyamba. Mayi Tembo ndinawatumiziranso ziwiri, ndi kansalu kake komwe, kuti aphunzire.

Lero ndimakhala papuloti yathu ku Garneton, kumene tinasamukira a Kamwendo atapuma pantchito. Namakwinya ali kuno, ali kwa mwana wanga wamkazi ku Lubuto, anafika ku Luapula, ndipo anabwereranso ku Ntcheu m'thumba la mchemwali wanga. Adzukulu amandigulira timabotolo tosungiramo njere. Ndimawathokoza n'kuikamo mchere.

A Kamwendo anatisiya chaka chatha osapepesa, ndipo nane sindinawauzepo kuti nkhani ya laimu inatha, chifukwa sinathe. Koma zaka zonsezi, akaona kuti thimati la kansalu lafewa, ankadzuka okha pampando, kuchotsa chithunzi pamsomali, n'kuima nacho pambali, nkhope atayang'ana kwina, mpaka ine nditamaliza kupaka.

Chaka chino chithunzicho ndinachita kuchitsamiritsa pansi.